Mlatho wa Colonel Nicholson

Anzanga, pali funso limene landisowetsa tulo m'kanema wa 1957 uja, The Bridge on the River Kwai. Colonel Nicholson ndi mkaidi wa Ajapani, adani omwe asilikali athu a K.A.R. anamenyana nawo ku Burma. Nanga n'chifukwa ninji akuwamangira mlatho wolimba ndi mtima wonse, mpaka kudzutsa odwala kuti athandize? Ena amati ankasunga mwambo wa asilikali ake. Ine ndikuti kunali kunyada: anakonda ntchito ya manja ake, naiwala amene adzawolokepo. Ife a ku Phalombe timadziwa kufunika kwa milatho, pakuti namondwe wa Freddy anatikokololera yathu mu 2023. Koma mlatho wodutsa zida za mdani ndi bwino ugwe. Pophunzira luso, tidzifunsenso kuti tidzatumikira nalo yani.