Mbaula Yobwereka Isalowe m'Chipinda cha Mlendo

Aliyense amene anagonapo pa boma la Mchinji, pamene kale pankatchedwa Fort Manning, adziwa kuti m'nyumba zina zogona alendo munthu angathe kubwereka mbaula kwa mwini nyumba kapena kwa mlonda, napereka kandalama, naphika yekha nsima yake. Mchitidwe umenewu ife sitiutsutsa ayi. Mphunzitsi wotumidwa kukayang'anira mayeso a MANEB, kapena kalaliki wa Boma wochokera ku Lilongwe pa msewu wa M12, sangadye chakudya chogula katatu pa tsiku kwa milungu iwiri ndalama yake ya ulendo nimukwanira. Chimodzimodzinso amalonda opita ku Chipata kudzera pa chipata cha Mwami, chimene chinatsegulidwa chatsopano mu 2022.

Chimene tifuna kunena ndi ichi: wobwereketsa mbaula asamaganize kuti ntchito yake yatha akalandira ndalama. Udindo wake ukhalapobe kufikira moto utazima.

Owerenga athu adziwa kuti Mchinji ali pa malo okwera, opitirira mamita 1,000, ndi kuti mu June ndi July usiku kumazizira koopsa, nthawi yomwe mayeso a Fomu 4 amakhala pafupi kapena ali mkati. Tsono mlendo akatha kuphika amayang'ana makala ofiira aja, nayang'ananso bulangete limodzi lopyapyala limene ampatsa, nati kutaya moto wotere nkulakwa. Amalowetsa mbaula m'chipinda, natseka chitseko ndi zenera poopa mphepo ndi akuba, nagona.

Apa ndiye pali imfa. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni umene a sayansi amautcha carbon monoxide. Mpweyawu suoneka, sununkha, ndipo sutsokomoletsa monga utsi wa nkhuni. Ukalowa m'mapapo umagwira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino koposa ka 200, kotero kuti ubongo ndi mtima zimasowa mpweya munthu akupuma ndithu. Ambiri amakhulupirira kuti makala akapsa bwino, utsi nkutha, choopsa chapita. Limeneli ndi bodza lopha anthu, pakuti makala ofiira opanda utsi amatulutsabe poizoniyo. Amene ali maso amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo kwathu kuno munthu akamva zotere amangoti ndi malungo, nafunda. Amene ali m'tulo samva kanthu. Wopezeka wotere atulutsidwe panja msanga ndi kuthamangira naye ku chipatala, ngakhale aoneke ngati watsitsimuka.

Ena adzati mlendo ndi munthu wamkulu, wophunzira, adzisamale yekha. Kodi nchifukwa ninji mwini nyumba yemweyo amalemba pa khoma nthawi yotulukira m'chipinda ndi chindapusa cha wotaya kiyi, koma za mbaula salembapo kanthu? Mlendo wafika ndi mdima, sadziwa ngati chipindacho chili ndi mipata yolowera mphepo. Mwini wake adziwa. Zofunika nzochepa: kachisakasa kophikiramo panja, lamulo lakuti mbaula ibwezedwe kwa mlonda anthu asanagone, ndi bulangete lachiwiri m'miyezi yozizira. Bulangete limenelo ndilo lingachotse chiyeso chonse.

Palinso nkhani ya makala eniake. Lamulo la Nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, liletsa kuotcha makala popanda chiphaso, ndipo mapiri a Mchinji, kumene mtsinje wa Bua umayambira, ndi nkhalango yotetezedwa. Sichinthu chokongola kuti wantchito wa Boma aphikire makala osadziwika kochokera pamene mnzake wa ku Nthambi ya Nkhalango akulanda matumba pa msewu. Kufunsa mwini nyumba kumene amagula makala ake sikulipiritsa.

Tipempha Khonsolo ya Mchinji kuti oyendera ake, pamene aona zimbudzi ndi madzi asanapereke chiphaso cha nyumba ya alendo, azifunsanso kuti mbaula zimaphikidwira pati ndi kuti zimagona kuti usiku. Nawonso aphunzitsi aakulu ndi akulu a maofesi, potumiza anthu awo ku Kamwendo, ku Mkanda kapena ku Kapiri m'nyengo yozizira, awauze mawu amenewa asananyamuke.