Kodi Nyanja ya Mchere Idzafika ku Mitundu?

Tsiku lina pa phunziro la Jogalafe aphunzitsi anatiuza kuti madzi a m'nyanja zazikulu za mchere ali kukwera chaka ndi chaka. Mnzathu wina wa ku Nathenje anaimika mkono nafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi madziwo adzafika liti kuno?" Iwo anayankha kuti sadzafika iai, pakuti dera la Lilongwe liri pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja. Mnzathuyo anati, "Tsono ife zitikhudza bwanji? Madzi sakwera phiri." Kalasi lonse linaseka, inenso ndinaseka nao. Koma ndakhala ndiri kuganizira mau amenewa, ndipo ndifuna kunena m'magazini athu ano kuti tinaseka msanga.

Tiyambe ndi chimene chiri kukweza madziwo. Mu mpweya umene tipuma muli kagawo kakang'ono ka mpweya wina wochedwa carbon dioxide. Umenewu umatuluka pamene anthu atentha nkhuni, makala, malasha, petulo kapena dizilo. Ntchito yake iri ngati ya bulangeti. Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweyawu umagwira kutentha kwina kuti kusabwerere kumwamba. Popanda bulangeti limeneli dziko likadazizira koopsa, koma tonse tidziwa chimene chimachitika munthu akafunda mabulangeti awiri mwezi wa Okutobala.

Wina angafunse kuti anthu adziwa bwanji kuchuluka kwa mpweyawu masiku amakedzana. Ku Antarctica, kum'mwera kwenikweni kwa dziko lapansi, kuli madzi oundana amene anaunjikana kwa zaka zosawerengeka, ndipo m'kati mwake munatsekeredwa timathovu ta mpweya wa nthawi imeneyo. Akatswiri anaboola pansi, natulutsa madzi oundanawo, nayeza timathovuto. Anapeza kuti kwa zaka 800,000 carbon dioxide anali kukwera ndi kutsika pakati pa magawo 180 ndi 300 mwa magawo miliyoni imodzi a mpweya wonse. Mafakitale asanayambe ku Ulaya anali pa 280. Mu 1958 Charles David Keeling anayamba kuyeza mpweyawu pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, napeza magawo 315. Mu 2013 anafika pa 400, ndipo mu 2024 anali atapitirira 420. Chaka chomwecho cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake chiyambire kulemba za nyengo.

Mbiri ya nyanja nayo iyenda pamodzi ndi mbiri ya mpweyawu. Zaka 20,000 zapitazo, pamene carbon dioxide anali wochepa ndipo madzi ambiri anaundana pamtunda, nyanja inali pansi ndi mamita 120 kuyerekeza ndi lero. Zaka mamiliyoni atatu zapitazo mpweyawu unali pafupi ndi 400, monga masiku ano. Dziko linali lotentha ndi madigiri atatu kapena kuyandikira pamenepo, ndipo nyanja inali pamwamba ndi mamita 5 kufikira 25. Sindiri kunena kuti zimenezi zidzachitika mawa. Mphika suwira nthawi yomweyo imene wauika pamoto, ndipo nyanja idzatenga zaka mazana ngakhale zikwi. Koma moto wayaka kale. Madzi akatentha amafufuma, ndiponso madzi oundana a ku Greenland, ku Antarctica ndi a pa mapiri ali kusungunuka ndi kutsikira m'nyanja. Kuyambira 1901 kufikira 2018 nyanja inakwera masentimita 20, osakwana ndi rula yathu ya m'kalasi. Choopsa ndi liwiro lake: pakati pa 1901 ndi 1971 inali kukwera mamilimita 1.3 pa chaka, koma pakati pa 2006 ndi 2018 inali kukwera mamilimita 3.7.

Tsono tibwerere kwa mnzathu wa ku Nathenje. Iye akhala m'mbali mwa mseu wa M1, ndipo tsiku ndi tsiku amaona magalimoto akuluakulu a mafuta ndi feteleza ali kupita ku Lilongwe. Kodi anafunsapo kumene achokera? Dziko lathu liribe doko la pa nyanja ya mchere. Katundu wathu wambiri atsikira ku Beira ndi ku Nacala m'dziko la Mozambique, kapena ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania. Mzinda wa Beira unamangidwa pa malo otsika kwambiri, pafupifupi molingana ndi nyanja. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anagwera pa mzindawu, nasasula nyumba zambiri, ndipo madzi osefukira anadula mseu waukulu wochokera ku dokoko. Nyanja ikakwera, mafunde a namondwe wotsatira adzayambira pamwamba, nadzalowa patali m'kati mwa mzinda. Doko likaonongeka, thumba la feteleza lichedwa ndipo likwera mtengo. Makolo athu a kuno akadula mitengo ya chimanga yopanda zisononkho, nyanja idzakhala itafika m'nkhokwe mwao ngakhale sanaione ndi maso.

Njira yachiwiri imene nyanja itifikira ndiyo inandidabwitsa koposa. Anamondwe amabadwira pa nyanja yofunda, ndipo mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri, kotero mvula yake imagwa yamphamvu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anadzaza mtsinje wa Shire, madzi naononga malo opangira magetsi a pa Kapichira. Dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo magetsi anali kuzimazima kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akazima m'tauni, ngakhale nyumba zophikira magetsi zimagula makala. Nanga makala a mzinda wa Lilongwe achokera kuti? Ife a ku Mitundu sitisowa kufunsa. Timaona njinga m'bandakucha zitasenza matumba atatu kapena anai, ziri kutsika kuchokera ku Dzalanyama. M'nkhalango imeneyo ndi mmene muchokera mtsinje wa Lilongwe, umene udzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, kumene anthu a mumzinda amwa. Mitengo ikatha, mvula imathamanga pamwamba pa nthaka ndi kukokolola dothi, ndipo zitsime ndi madambo ziuma msanga m'chilimwe. Taonani ulendo wake: kuchokera pa nyanja kufika ku Kapichira, kuchokera ku Kapichira kufika pa mbaula ya m'tauni, kuchokera pa mbaula kufika ku Dzalanyama, ndi kuchokera ku Dzalanyama kufika pa chitsime chimene amai athu atungapo madzi. Sitidzaiwalanso Malichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu mazanamazana nafa, ndipo anzathu ambiri analeka kuphunzira chifukwa makalasi ao anasanduka misasa. Akulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chiri kwa iwe.

Ndidziwa chimene ena anena. Adzati mlanduwu si wathu. Zoonadi, Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani ya carbon dioxide pa chaka kuchokera ku mafuta ndi malasha, pamene munthu mmodzi wa ku America amatulutsa matani oposa khumi. Ine ndibvomereza kuti maiko olemera ndiwo ayenera kuyamba kuchepetsa utsi wao ndi kuthandiza amene aonongekedwa. Ndibvomerezanso kuti ngakhale titabzala mitengo pa Mitundu ponse kufikira ku Bunda, nyanja sileka kukwera chifukwa cha ife tokha. Koma moto ukachokera kwa mnansi nugwira denga lako, suyamba wapita kwa mfumu kukadandaula. Uyamba watulutsa ana ndi mbeu, mlandu ubwera pambuyo.

Sindifunanso kunyoza anthu ootcha makala. Ena mwa iwo ndi amalume athu ndi achimwene athu, ndipo pali ena pa sukulu pano amene fizi yao yachokera m'matumba omwewo. Munthu sapalasa njinga yolemera usiku wonse chifukwa chokonda. Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera Dzalanyama, koma njinga zija tizionabe kufikira lero, pakuti mfuti siingathe kuletsa njala ya wogulitsa kapena kuphikira nsima wogula. Ngati tifuna kuti nkhalango ipume, tiyenera kuchepetsa nkhuni zimene tigwiritsa ndi kukhala ndi mitengo yathuyathu pafupi.

Chifukwa chake ndipempha zinthu zitatu, ndipo zonse ziri m'manja mwathu. Choyamba, tikhale ndi chida choyezera mvula pa bwalo la sukulu ndi buku lolembamo tsiku liri lonse. Keeling analibe mphamvu yoletsa fakitale ngakhale imodzi, koma anayeza mosatopa, ndipo manambala ake ndiwo anatsegula maso a dziko lonse. Agogo athu amati kale mvula inali kuyamba msanga. Tikalemba kwa zaka khumi kapena makumi awiri, azing'ono athu adzatha kuuza alimi a kuno zoona zenizeni za nthawi yobzala.

Chachiwiri, tileke kuwerenga mitengo pa tsiku lobzala. Chaka ndi chaka, pakati pa Disembala ndi Epulo, timabzala mbande, tiomba m'manja, kenaka mbuzi ndi chiswe zimaliza ntchito. Fomu iri yonse ikhale ndi chigawo chake, ndipo tidziwerenga mu Okutobala mitengo imene yapulumuka chilimwe. Magazini ano asindikize manambalawo, kuti aulesi achite manyazi. Tisaiwale mitengo ya makolo monga mbawa ndi msangu. Msangu ndi bwenzi la mlimi, pakuti umayoyola masamba nthawi ya dzinja, kotero suphimba chimanga, ndipo masambawo amasanduka chonde.

Chachitatu, pa holide ino ali yense wa ife alankhule ndi makolo ake za chitetezo mbaula, mbaula ya dothi ija imene idya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu. Mtolo umene ukadatha msanga ukhalitsa, ndipo alongo athu amene amapita kunkhuni apeza nthawi yowerenga.

Aphunzitsi athu ndiwapempha mwaulemu kuti atithandize kupeza chida choyezera chija ndi malo a mitengo, ndiponso kuti nkhaniyi isathere pa mayeso okha. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa iwe mnzanga wa ku Nathenje, unanena zoona kuti madzi sakwera phiri, ndipo sudzaona mafunde pa msika wa Mitundu. Koma ukadzaimanso pa mseu nuona galimoto ya feteleza iri kukwera kuchokera ku Dedza, kapena njinga ya makala iri kulowa m'tauni, ukumbukire funso lako lija. Ine ndalemba kale dzina lako pa mndandanda wa oyeza mvula, ndipo tsiku lako ndi Lachiwiri.

Wophunzira wa Fomu 3