Kodi onenepa azilipira zambiri pa inshuwalansi?

Tengani cholembera tiwerengere limodzi. Munthu akulemera makilogalamu 100, kutalika kwake ndi mamita 1.8. Chulukitsani 1.8 ndi 1.8, mupeza 3.24. Gawani 100 ndi 3.24, yankho ndi 30.9. Nambala imeneyi ndiye BMI. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu amene BMI yake yafika 30 wanenepa mopitirira muyeso. Kwa inu amene mukukulabe pali matchati ena otengera zaka, ndiye musathamangire kudziweruza ndi nambala ya akuluakulu.

Tsono funso nali: kodi kampani ya inshuwalansi ya zaumoyo imulipiritse munthu ameneyu ndalama zambiri, kapena kumukana kumene, chifukwa cha 30.9 basi? Ine ndikuti ayi.

Koma tisanamizane, kunenepa kwambiri n'koopsa ndithu. Kumawonjezera chiopsezo cha matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, sitiroko, matenda a mtima ndi mitundu ina ya khansa. Ngakhale mawondo amavutika, chifukwa katundu akachuluka, mphamvu yopsinja mfundo imachulukanso. WHO imati mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali wonenepa chonchi. Kuno kwathu ena akaona mimba yatuluka amati "zikuyenda bwana", koma mtima wa bwanayo ukugwira ntchito yakalavulagaga.

Makampani a inshuwalansi nawonso ali ndi mfundo. Ntchito yawo ndi masamu owerengera chiopsezo: gulu limene limadwala kawirikawiri limawadyera ndalama zambiri. Sanayambe lero. Mu 1959 kampani ya Metropolitan Life ku America inatulutsa matebulo a kutalika ndi kulemera, itaona kuti makasitomala olemera kwambiri ankafa msanga.

Vuto lili pa chida choyezera. Mu Fizikisi timaphunzira kuti usanakhulupirire nambala, ufunse kaye kuti chidacho chikuyeza chiyani. Kumbukirani density. Mafuta a m'thupi ali ndi density ya pafupifupi 0.9 g/cm³, pamene minofu ili ndi pafupifupi 1.06 g/cm³. Lita imodzi ya minofu imalemera kuposa lita imodzi ya mafuta. Munthu wathu wa makilogalamu 100 uja akhoza kukhala wonyamula zitsulo wa minofu yokhayokha, kapena wokhala pampando tsiku lonse. Sikelo siingawasiyanitse. BMI siidziwanso pamene mafutawo ali, chonsecho mafuta ozungulira ziwalo za m'mimba ndi oopsa kuposa a m'ntchafu. N'chifukwa chake bungwe la NICE ku Britain limalangiza kuti chiuno cha munthu, mukachiyeza mozungulira, chisafike theka la kutalika kwake.

Amene anayambitsa masamu a BMI, Adolphe Quetelet wa ku Belgium, sanali dokotala. Anali katswiri wa masamu ndi zakuthambo, ndipo m'zaka za m'ma 1830 ankafufuza za anthu ambirimbiri pamodzi. Dzina loti BMI linabwera ndi Ancel Keys mu 1972. Mu 2023 bungwe la madokotala la American Medical Association linanena kuti BMI payokha siikwanira poweruza thanzi la munthu. Pa anthu miliyoni imathandiza kuona kumene dziko likulowera. Pa munthu mmodzi imatha kuphonya.

Palinso nkhani ya chilungamo. Ena amati, "Adya okha, alipire okha." Koma kulemera kwa munthu kumatengeranso chibadwa, mankhwala ena amene akumwa, ndi zakudya zimene thumba lake lingakwanitse. Ndipo mukakweza mtengo, munthu wa chiopsezo uja amasiya inshuwalansi, osapitanso kokayezetsa shuga ndi BP, n'kudzafika kuchipatala zinthu zitavuta kale. Apo ndalama zimapita zambiri kuposa poyamba. Cholinga cha inshuwalansi n'chakuti tisonkhe tonse kuti wodwala athandizidwe, paja mutu umodzi susenza denga.

Mayiko ena anasankha njira imeneyi. Ku South Africa, lamulo la Medical Schemes Act la 1998 limaletsa kulipiritsa munthu zambiri chifukwa cha thanzi lake. Ku America, lamulo la Affordable Care Act la 2010 linaletsa makampani kukana munthu chifukwa cha matenda amene ali nawo kale.

Ndiye kampani ikafunadi kuti makasitomala ake asadwale, iwalipirire kuyezetsa shuga, BP ndi uphungu wa kadyedwe. Zimenezo zimachepetsa chiopsezo chenicheni. Inunso kunyumba yendani, sewerani mpira, chepetsani zakumwa za shuga wambiri. Ndipo mnzanu wa thupi lalikulu m'kalasimo musamutche mayina. Ngati BMI, imene ili ndi masamu ake, imalephera kudziwa za m'kati mwa thupi, maso anu okha angadziwe bwanji?