Mbala Yoitanidwa ndi Mwini Munda

Ilipo mbala imene imaba dzuwa likuswa mtengo, ndipo woiitana ndi mwini munda yemwe. Mbalayo ndi moto. Atatha kukolola, mlimi aunjika mapesi nawatentha, ati munda uyere msanga, kapena anyamata akumbe mbewa. Chaka chamawa chimanga chikaonda, munthu yemweyo aloza chala mnansi wake, nati wamchitira mankhwala.

Mankhwala palibe pamenepo. Ndi njala chabe. Chimanga chimadya monga adyera munthu, ndipo chikamanidwa chimanena chokha. Chikasowa nayitirojeni, masamba akunsi amachita chikasu kuyambira kunsonga kutsata msempha wapakati, phesi limaonda, ndipo chisononkho chimabala maso owerengeka. Chikasowa fosiforasi, mizu imafooka ndipo masamba a mmera amafiirira. Tsono nayitirojeni amene anatsala m'mapesi, moto ukafika, amakwera kumwamba pamodzi ndi utsi. Phulusa limasunga potaziyamu, n'zoona, koma mphepo ya mwezi wa Ogasiti siichedwa kuliulutsa.

Ena amayankha kuti, kodi feteleza ntchito yake n'chiyani? Awerengere bwino. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni wokwana makilogalamu 23, ndipo chakudya china mulibemo. Yureya sabweza chonde chimene chimafewetsa dothi ndi kusunga chinyontho. Pa nthaka yamchenga yopanda zowolerana, mvula yamphamvu imamtsitsa pansi pomwe mizu siifika, ndipo ndalama za fodya zimapita ndi madzi. Boma la Malawi linayamba kugawa makuponi a feteleza wotsika mtengo m'chaka cha 2005, ndipo nkhokwe zambiri zinadzaza, koma kuponi siinakwirire phesi ngakhale limodzi. Imeneyo ndi ntchito ya khasu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti wotentha mapesi ndi yemwenso amasiya ndowe kuuma m'khola, nadula msangu umene umagwetsa masamba ake nthawi ya dzinja kudyetsa mbewu za patsinde pake. Nandolo ndi mtedza, zimene tinthu totupa ta kumizu yake timakoka nayitirojeni mu mpweya, amazipatsa kamunda ka kumalire. Ndipo kaufiti, amene amakonda nthaka yoguga, akatulutsa maluwa ake ofiira pakati pa mizere, mlimi uja amanyamula nkhuku kupita kwa sing'anga.