LAMBA WA MAKINA ALEMBEDWE NAMBALA YAKE YENIYENI PACHIPATA

Aliyense woyenda pamsewu wochoka mumzinda wa Lilongwe kunka ku Mchinji kudzera pa Mpingu ndi pa Namitete, kapena woloŵera cha ku Nsaru, kwa Kabudula mpaka ku Nambuma, amamva kulira kwa zigayo pamalo alionse a malonda. Zigayo zimenezi, pamodzi ndi makina oswa mtedza ndi oyenga mafuta a mpendadzuŵa, sizingazungulire popanda lamba. N'chimodzimodzinso ku Kanengo kumene mbewu za alimi a m'maderaŵa zimakathera, pakuti m'nkhokwe zazikulu za chimanga ndi m'mafakitale a fodya katundu amayenda pa malamba ataliatali a mphira. Tsono popeza malamba otere timawagula kunja, nambala imene amalembedwa pachipata polipira msonkho si nkhani ya akalaliki a kasitomu okha ai. Ikukhudza ufa wa m'nyumba zathu ndiponso thumba la Boma.

Katundu aliyense woloŵa m'dziko ali ndi nambala yake m'buku la misonkho ya kasitomu. Manambalaŵa amachokera ku ndondomeko yotchedwa Harmonized System, imene imasungidwa ndi bungwe la World Customs Organization ku Brussels, ndipo idayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1988. Manambala 6 oyamba ndi amodzimodzi m'maiko oposa 200, kaya katunduyo watsikira pa doko la Beira, Nacala, Durban kapena Dar es Salaam. Dziko lirilonse limangoonjezera manambala ake kumapeto ndi kuika mlingo wake wa msonkho. Kuno kwathu ntchito yotolera msonkhowu iri m'manja mwa Malawi Revenue Authority, bungwe limene lidayamba ntchito mu 2000.

M'bukumo malamba a mphira yophika ali pa mutu 40.10, ndipo mutuwo udagaŵidwa paŵiri. Mbali yoyamba ndi ya malamba onyamula katundu: wolimbitsidwa ndi waya wachitsulo yekha m'kati ndi 4010.11, wolimbitsidwa ndi nsalu yokha ndi 4010.12, ndipo ena onse ndi 4010.19. Mbali yachiŵiri ndi ya malamba ozunguza makina, monga aja a pachigayo, kuyambira 4010.31 kulekeza 4010.39, malinga ndi kapangidwe ndi kutalika kwake. Lamba wa nsalu wopanda mphira amapita pa mutu 59.10, wa pulasitiki pa mutu 39.26. Koma lamba wa nsalu yoviikidwa kapena yokutidwa ndi mphira amabwerera pa 40.10, chifukwa chaputala 40 chidanena chomwecho poyera. Chotero wonena kuti lamba ndi lamba basi sadaŵerenge bukulo.

Pamene pamavuta kwenikweni ndi apa. Makina onyamula katundu ali pa mutu 84.28, ndipo zipangizo zake ziri pa mutu 84.31. Popeza Boma limapeputsa msonkho pa makina ambiri a ulimi ndi a m'mafakitale, amalonda ena amakopeka mtima kulemba lamba ngati chipangizo cha makina, poganiza kuti alipira zochepa. Pomuona munthu, ganizoli limamveka ngati lanzeru, pakuti lambayo amagwiradi ntchito pa makina. Koma mau oyamba otsogolera Gawo 16 la bukulo, limene liri la makina, adachotsamo malamba a mphira, a pulasitiki ndi a nsalu m'gawo lonselo. Lamba amaŵerengedwa pamodzi ndi makina pokhapokha wabwera limodzi ndi makina amene adapangidwira. Wobwera payekha, woti akaloŵe m'malo mwa wina wakutha, ali pa 40.10, ndipo palibe kalata ya mkulu aliyense imene ingasinthe zimenezi.

Nambala yolakwa imapweteka mbali zonse. Ikatsitsa msonkho, ndalama zimene zikadagula mankhwala m'zipatala ndi kukonza misewu ya fumbi ya kwa Kabudula zimatsala m'thumba la munthu mmodzi, ndipo wamalonda wokhulupirika amene walipira zonse amalephera kupikisana naye pamtengo. Ikakweza msonkho mosayenera, mwini chigayo amalipira zosati alipire, ndipo iye amakabweza ndalamazo pa mai wodzagaitsa ndowa ya chimanga. Pakabuka mkangano, katundu amagona pachipata cha Mchinji, Dedza, Mwanza kapena Songwe, ndalama zosungira zikukwera tsiku ndi tsiku, uku makina ali chiimire m'nyengo yokolola. Palinso vuto lina limene ambiri saliganizira. Ziŵerengero za malonda a dziko, zimene ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imasindikiza, zimachokera pa mapepala omweŵa a kasitomu. Mitengo ya mphira timalima ku Vizara m'boma la Nkhata Bay. Koma okonza mapulani angadziŵe bwanji ndalama zakunja zimene timataya pogula malamba, ndi kuyesa ngati n'kotheka kuwapanga konkuno, pamene malambawo abisala m'kati mwa zipangizo za makina?

Ena adzati, ngati lamba ali moyo wa chigayo, n'chifukwa ninji osampeputsira msonkho monga makina? Funso limeneli nlabwino ndipo liyenera kumveka. Koma malo ake ndi kwa Nduna ya Zachuma pamene ikumva maganizo a anthu pokonza bajeti, ndiponso ku Nyumba ya Malamulo, osati pawindo la kalaliki wa pachipata. Mlingo wa msonkho ungasinthidwe ndi lamulo, anthu onse akuona, ndipo ukasinthidwa upindulira onse mofanana. Pakali pano njira yoyera iripo kale: dziko lathu liri m'mgwirizano wa malonda wa COMESA kuyambira mu 2000 ndi wa SADC wa mu 2008, ndipo lamba wopangidwadi m'maiko a m'migwirizanoyi, akabwera ndi chikalata chotsimikiza kumene adapangidwa, amapeputsidwa msonkho popanda kunamiza nambala.

Nkhaniyi ikulirakulira. Ku Kasiya, m'boma lomwe lino la Lilongwe, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals idapeza miyala ya rutile ndi graphite yochuluka, ndipo mu 2023 kampani ya Rio Tinto idagula gawo m'kampaniyo. Migodi kulikonse padziko imadya malamba, ndipo malambawo amatha ndi kusinthidwa. Mgodiwo ukadzatsegulidwa, katundu wa mtundu umenewu adzachuluka pazipata zathu. Nthaŵi yozoloŵera kulemba molondola ndi ino, pamene malamba ali ochepa.

Chotero tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, amalonda ndi maejenti awo afunse kwa wogulitsa pepala lofotokoza kuti lambayo ngwa mphira kapena pulasitiki, m'kati muli waya kapena nsalu, ngwonyamula katundu kapena wozunguza makina, ndipo pokayika alembere a kasitomu katundu asananyamuke. Pangano la World Trade Organization lopeputsa malonda, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2017, limalamula maiko kupereka chigamulo chotere molemba pasadakhale. Safunsa adadya phula. Chachiŵiri, ogwira ntchito za Boma ayankhe msanga, ndipo yankho likhale limodzi ku Mchinji ndi ku Mwanza komwe. Afotokozenso mitu imeneyi m'Chicheŵa kwa eni zigayo ndi magulu a alimi. Chachitatu, atsogoleri a Chipani m'nthambi, m'madera ndi m'maboma asaimbire lamya wogwira ntchito pachipata kuti akomere mtima mbale wawo kapena bwenzi lawo. Mtsogoleri wochita zotere akuba m'nkhokwe ya anthu amene adamsankha.

Tonse tifuna misewu, sukulu ndi zipatala m'madera athu, ndipo akulu adati walira mvula walira matope. Tiyeni tsono, abale ndi alongo, tilipire zimene lamulo lanena, osachotsera ndi osaonjezera, ndipo pamene tiona kuti lamulo likulemera tikanene kwa aphungu athu kuti alikonze.