BP siuza munthu kuti yabwela

Tikamva kuti m'bale wathu wagonekedwa ku cipatala ca Lundazi, maganizo athamangila ku malungo, TB kapena HIV. Koma mu wadi mugonanso anthu amene mbali imodzi ya thupi yafa na sitiroko, ena miyendo yatupa ndipo mpweya uwathela cifukwa mtima watopa. Ambili a iwo anayenda na BP zaka zambili osadziwa.

Kafukufuku wa STEPS wa 2017 anapeza kuti pa akulu asanu alionse mu Zambia, pafupifupi mmodzi ali na BP yokwela. Nthendayi siuza munthu. Alima, agulitsa pa msika, aseka na anzake, koma mkati mtima, impso na mitsempha zili kuonongeka. Ngati ali na shuga kapena akoka fodya, ngozi ikulilako. Munthu wotele akagonekedwa na cibayo, mtima wotopa kale ulephela kupilila, ndipo mwayi wotuluka wamoyo ucepa.

Ku Kapichila mdani wina ni nthawi. Ambuya akagwa, pakamwa papindika, mau samveka bwino, banja liyamba kukambilana za amene wawalodza. Pofika pa boma, masiku apita. Akawatumiza ku Chipata Central Hospital, ni makilomita pafupifupi 180, ndipo National Heart Hospital ili ku Lusaka. Ni mabanja angati angakwanitse ulendo umenewo?

Ine ndiona kuti ise a m'tauni tili na mlandu apa. Maliro akacitika, ndalama za bokosi na thilansipoti titumiza pa foni tsiku lomwelo. Manje n'cifukwa ciani sitifunsa amai ali moyo kuti anapimitsa liti BP? Kupima kutenga mphindi zocepa cabe. Ngati nambala ifika 140/90 mobwelezabweleza, afunika thandizo. Mankhwala asaleke ati cifukwa amvelako bwino. Mcele ucepe: WHO ikamba magalamu osapitilila 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi.

Kwa makhansala na makomiti a CDF ndipempha kuti kiliniki iliyonse ikhale na makina opimila BP ogwila nchito, mabatile ake na mankhwala osatha pa shelefu. Aliyense wobwela kudzatenga ma ARV kapena ku sikelo apimidwe asanabwelele kunyumba.

Mwezi uno potumiza ya unga na feteleza, onjezaniko ya njinga yopita ku kiliniki, ndipo mufunse kuti nambala yatuluka zingati.