Dandaulo la amayi a kwa Mwambo

Ife amayi a kwa Mwambo, kuyambira ku Jali mpaka kudooko la Kachulu, tabwera ndi dandaulo kwa inu azamba akuchipatala ndi inu mafumu athu. Zimveke msanga: sitikupempha kuti tibwerere kochirira kumudzi. Tinaika m'manda abale athu amene anataya magazi pamphasa, mzamba wakumudzi atasowa chogwira. Kafukufuku wa boma wa 2004 anapeza kuti amayi 984 ankamwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo. Wa 2015-16 anapeza 439, ndipo apa n'kuti amayi 91 mwa 100 akuchirira kuchipatala. Tinamvera.

Komatu kusankha kunatichokera m'manja. Mu 2007 boma linaletsa azamba akumudzi. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho mu 2010, koma pofika 2012, ndondomeko ya uchembere wabwino ya mayi Joyce Banda itayamba, mafumu m'madera ambiri analimbitsa malamulo awo: wochirira pakhomo alipire mbuzi kapena ndalama. Chindapusacho sichifunsa ngati mtsinje wa Likangala unadzaza usiku umenewo, kapena wakabaza anakana kuyenda m'matope. Mayi wachirira panjira, wapulumuka mwamwayi, m'mawa mwake ndi wamlandu.

Tikafika kuchipatala n'kumene mtima umawawa. Timanyamula zonse zimene munatiuza kusikelo: zitenje, beseni, lezala, ulusi, pepala lakuda lapulasitiki. Timakhala kuchidikiro masabata, mpunga ukudyedwa ndi mbalame kudimba, ana atsala ndi agogo. Matenda akayamba, amayi athu otiperekeza amatsala panja. Timagonekedwa chagada, ngakhale amene thupi likumuuza kuti anjute kapena agwade. Ena atidula kunjira ya mwana osatiuza, tinangomva lumo. Ukafunsa, yankho lake n'lakuti ukudziwa chiyani iwe. Ukalira, amakukumbutsa mmene mimbayo inabwerera, mawu amene sitingawabwereze pamaso pa mafumu. Kamtsikana ka mimba yoyamba kakamva zimenezi, mimba yachiwiri kamabisala mpaka mutu utaoneka.

Inu azamba, sikuti sitikuonani. Timaona mmodzi yekha usiku wonse, amayi angapo akubuula nthawi imodzi, magetsi atazima, akuunikira ndi foni. Tikudziwa kuti mayi akafa, ofunsidwa ndi bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba ndinu. Tikudziwanso kuti ena mwa ife amamwa mwanamphepo kuti matenda afulumire, n'kukana mukawafunsa, chiberekero chili pangozi yong'ambika. Pamenepo dzudzulani, muli ndi chifukwa. Mukaona kuti mwana wagona mopingasa n'kunena kuti tipite ku Zomba kuopaleshoni, mawu anu ndi akulu kuposa mantha athu. Koma tiuzeni chimene mwaona, m'Chichewa chomveka, musanatigwire. Mayi wouzidwa bwino sakanakana wamba, ndipo akauzidwa zoona, nayenso amanena zoona za mankhwala amene wamwa.

Tikupempha kuti mayi mmodzi amene tamusankha aziloledwa kukhala nafe pochira, ngakhale patchingidwe ndi chitenje. Pamene palibe choopsa, tisiyeni tikhale mmene thupi lafunira. Boma liwonjezere azamba kuno kumphepete kwa nyanja ya Chilwa, chifukwa munthu wosagona tulo sachedwa kupsa mtima. Ndipo inu mafumu, musanalandire mbuzi ya mayi wochirira panjira, muyambe mwamufunsa chimene chinamuchedwetsa.